Mpeni wa Pachipala ndi Amisiri Oiwalika a ku Mchinji

Palibe khomo m'dziko muno limene mungalowe osapezamo mpeni. Amayi amadulira ndiwo, abambo amasendera mbuzi, oluka malichero amang'ambira nsungwi, ndipo mnyamata wa kubusa amasemera mphanda ya legeni yake. Popeza timauona tsiku ndi tsiku, sitiuyesa kanthu. Komatu mpeni uli ndi mbiri, ndipo kuno ku Mchinji, m'malire a Malawi ndi Zambia, mbiri yake ndi yakale kuposa malirewo. M'nkhani ino tilondola mbiri imeneyi, ndipo tiona kuti kusonkhanitsa mipeni yakale yosulidwa pamanja kumakhala ndi phindu lenileni ngati wosonkhanitsayo asunganso maina a amisiri amene adaisula.

Chiyambi cha chitsulo m'dziko muno

Alipo ena amene amaganiza kuti chitsulo chidabwera ndi Azungu. Maganizo amenewa ndi olakwa. Akatswiri ofukula zinthu zakale adapeza ku Nkope, m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, ndiponso pa phiri la Phopo ku Rumphi, mapale a miphika pamodzi ndi zotsalira za chitsulo. Zimenezi zidasonyeza kuti anthu ankayenga chitsulo m'dziko muno zaka zoposa 1,500 zapitazo. Eni dziko oyamba, omwe timawatcha Akafula kapena Abatwa, ankadulira nyama timiyala takuthwa. Amene adafika pambuyo pawo adabwera ndi khasu, nkhwangwa ndi mpeni, ndipo ndi zida zimenezi adagwetsa mitengo, nalima mapira ndi mawere, namanga midzi yokhazikika.

Ufumu wa Maravi nawonso udakula ndi chitsulo. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kudali likulu la Kalonga, Dr. Yusuf Juwayeyi adafukula zida zachitsulo pamodzi ndi mkuwa, minyanga ya njovu, mikanda yagalasi ndi mapale a mbale zochokera ku China, ndipo adalongosola zonsezi m'buku lake limene lidatuluka mu 2020. Ngakhale dzina la dziko lathu ena amati lidachokera ku malawi a moto wa m'ng'anjo amene ankaoneka usiku, pamene ena amati lidachokera ku kunyezimira kwa nyanja dzuwa likamatuluka. M'masiku amenewo khasu lidali ngati ndalama. Munthu ankatha kulipira nalo mlandu, kapena kusinthanitsa ndi mchere, nsalu ndi ziweto.

Kuchokera ku mwala kufikira mpeni

Kuti mpeni upezeke pankafunika ntchito ziwiri zosiyana, kuyenga ndi kusula. Kuyenga kunkachitikira kutchire, kutali ndi mudzi. Amisiri ankaumba ng'anjo ndi dothi la pachulu, yaitali kupitirira msinkhu wa munthu, ndipo m'munsi mwake ankasiya mabowo olowetsamo mipope yadothi yopitira mphepo. Ankakumba miyala yachitsulo, naiphwanya, naiika m'ng'anjomo mosanjikiza ndi makala a mitengo yolimba monga muwanga. Moto ukayaka, ng'anjo yaitaliyo inkadzikokera yokha mphepo, ndipo inkanyeka usana ndi usiku anthu akuilonda.

Inu amene mumaphunzira sayansi mudziwa kuti chitsulo chimasungunuka moto ukapitirira madigiri 1,500, pamene moto wa m'ng'anjo unkafika cha m'ma 1,200. Tsono chimene chinkasungunuka n'kuyenderera pansi ndi dothi ndi zonyansa za m'miyalayo. Mpweya wochokera m'makala unkachotsa okosijeni m'miyala, ndipo chitsulo chinkatsala chili chibuma chabowobowo. Makolo athu sadadziwe mawu oti okosijeni, koma ankadziwa kuyang'ana mtundu wa lawi n'kunena kuti chitsulo chapsa kapena ayi. Ntchitoyi idalinso ndi miyambo yake. Ankakwirira mankhwala pansi pa ng'anjo, ndipo amuna onse ogwira ntchitoyo ankagona padera ndi mabanja awo mpaka itatha, poopa kuti chitsulo chingakanike.

Chibuma chija chikatuluka, chinkapita kuchipala, kumene kudali wosula. Zipangizo zake zidali zochepa: mvukuto wa zikopa za mbuzi, mbaniro zogwirira chitsulo chamoto, mwala waukulu wosulirapo, ndi mwala wina womenyera. Ankaotcha chitsulo mpaka chifiire, nachimenya, nachibwezeranso pamoto, kambirimbiri ndithu, kufikira zonyansa zonse zitatuluka. Akafuna mpeni, ankachitambasula n'kusiya kamchira kosongoka. Kamchirako ankakaotcha n'kukalowetsa m'chigwiriro cha mtengo, kenaka ankanola mpeniwo pamwala. Mpeni woyenda nawo paulendo ankaupangira chimake cha mtengo kapena chachikopa, ndipo mwini wake ankaumangirira m'chiuno kapena pamkono, popeza zovala za nthawi imeneyo zidalibe matumba. Pachipala pomwepo ndi pamene pankachokera kasemasema, nsompho, mivi, nthungo, ndi lumo lometera ndi kutemera mphini.

Zimene alendo adaona

Alendo oyamba kulemba za dera lino adachita chidwi ndi amisiri ake. Mu 1831 Apwitikizi awiri, Monteiro ndi Gamitto, adanyamuka ku Tete kupita kwa Mwata Kazembe, ndipo adadutsa m'dziko la Amaravi ndi la Achewa a Mkanda. Gamitto, m'buku lake limene lidasindikizidwa mu 1854, adalemba za makasu ndi zida zina zachitsulo zimene anthuwa ankasula ndi kugulitsa. Dzina la Mkanda lilipobe mpaka lero pakati pa mafumu a m'boma la Mchinji.

Chakumapeto kwa 1866 David Livingstone adadutsa m'chigawo chapakati pa ulendo wake wotsiriza, napita chakufupi ndi kumene mtsinje wa Bua umayambira, asadatsetserekere ku Luangwa. M'mabuku ake a tsiku ndi tsiku adalemba kuti adaona ng'anjo zambiri, ndi midzi imene kugogoda kwa amisiri kunkamveka tsiku lonse. Adalongosola nyundo ya mwala womangidwa ndi luzi, mbaniro za makungwa ndi mvukuto wa zikopa ziwiri za mbuzi, ndipo adayamikira ubwino wa chitsulocho. Adalembanso za mantha amene anthu adali nawo chifukwa cha nkhondo za Angoni, omwe iye ankawatcha Mazitu.

Mukawerenga zolemba zotere, mudzaona kuti alendowo kawirikawiri ankatchula maina a mafumu, a mitsinje ndi a mapiri. Munthu amene adali pachipala ankangoti ndi wosula. Apa ndi pamene kuiwalika kwa amisiri athu kudayambira.

Angoni, nkhondo ndi malire

Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa lidachita kadamsana. Patapita zaka zambiri akuyendayenda, gulu la Mpezeni lidadzakhazikika m'dera limene lero kuli Chipata, ndipo mphamvu zawo zidafika mpaka kuno ku Mchinji, kumene mafumu Mlonyeni ndi Zulu ndi Angoni. Nkhondo idabalalitsa midzi yambiri ya Achewa, ena nathawira m'mapiri ndi m'malinga. Koma wosula zitsulo adali munthu wofunika kwa aliyense, pakuti ankhondo ankafuna nthungo ndipo akazi awo ankafuna makasu. Motero luso la pachipala lidapitirira ngakhale pansi pa ulamuliro watsopano.

Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi ochokera mbali ino adathira nkhondo Angoni a Mpezeni ndi mfuti za makina. Angoni adagonja, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera nkhondoyo, adaomberedwa. Boma lathu lidayamba kutchedwa Fort Manning, kutengera dzina la William Manning, mkulu wa asilikali amene pambuyo pake adadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland, ndipo tsidya linalo kudamangidwa Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Malire adatsata msana wa mtunda umene umagawa madzi opita ku nyanja ya Malawi ndi opita ku Luangwa. Adadula mabanja pakati, malume nakhala ku Northern Rhodesia, mphwake ku Nyasaland. Koma anthu sadaleke kuyenderana, kukwatirana ndi kugulitsana makasu ndi mipeni. Mpaka lero Achewa a mbali zonse amakumana ku Kulamba kwa Gawa Undi ku Mkaika, ndipo Angoni amakumana ku Ncwala ku Mtenguleni. Chifukwa chake mpeni wopezeka ku Mchinji ungathe kukhala wosulidwa ku Zambia, ndipo wofufuza mbiri yake ayenera kufunsa mbali zonse ziwiri.

Kuzima kwa ng'anjo

Chimene nkhondo idalephera kuchita, sitolo idachita mwakachetechete. Kampani ya African Lakes, imene idayamba mu 1878 ndipo anthu ankaitcha Mandala, pamodzi ndi amalonda Achimwenye, idadzaza dziko ndi makasu ndi mipeni ya kufakitale, yambiri yochokera ku Britain, kumene mzinda wa Sheffield udatchuka ndi mipeni. Khasu limene linkafuna amuna ambiri ndi masabata a thukuta tsopano linkapezeka ndi makobidi ochepa. Msonkho wa nyumba udakankhira anyamata ku mafamu ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia ndi South Africa, anyamata omwewo amene akadakhala akupopa mvukuto ndi kuphunzira kwa amalume awo. Pofika zaka za m'ma 1930 ng'anjo za m'chigawo chino zidazima.

Obwerera kuchokera ku Joni ndi ku Halale ankabwera ndi sutikesi, bulangete, njinga, ndi m'thumba mwa buluku kampeni kopinda. Wotchuka koposa adali Okapi, umene udayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, ndipo kuyambira mu 1988 umapangidwa ku South Africa. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mnyamata aliyense ankasirira mpeni wopinda, ndipo wa pachipala udayamba kuoneka wachimidzi. Ulendo wa ku migodi udachepa kuyambira mu 1974, pamene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, boma niliimitsa kulemba anthu ntchitoyo, koma mpeni wa m'thumba udali utakhazikika kale.

Ngakhale kuyenga kudatha, kusula sikudathe. Amisiri adapeza mgodi watsopano m'zitsulo zakutha: masipuling'i a galimoto, matupa osalala, sowo wothyoka ndi makasu akale. Zitsulo zimenezi n'zolimba kuposa cha m'ng'anjo, ndipo mmisiri akaziotcha n'kuziviika m'madzi kapena m'mafuta zimauma gwa, mpeni wake nusachedwa kuthwa ndi kuchedwa kubuntha. Ena adafika potengera mpeni wa kusitolo uja, napanga wawo wopinda, wozungulira pa msomali.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri awiri, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, adapempha akuluakulu a kwa Chulu ku Kasungu ndi a ku Phoka kumpoto, amene adaona ntchitoyi ali anyamata, kuti aumbenso ng'anjo ndi kuyenga monga kale, ndipo adalemba zimene adaona mu 1987. David Killick nayenso adafufuza ng'anjo za ku Kasungu. Akadachedwa zaka khumi zokha, akadapeza manda. M'nkhalango yosungira nyama ya Kasungu mukadali ng'anjo zina zoimirira, ndipo sukulu imene ingathe kupitako ichite zimenezo.

Mipeni inayi ya m'bokosi

Pa zaka zimene ndidaphunzitsa m'sukulu za m'boma lino ndidasonkhanitsa mipeni yoposa makumi awiri, ina yogula pamsika, ina yopatsidwa ndi makolo a ana asukulu. Ndifotokoza inayi yokha.

Woyamba ndi wakuthwa konsekonse, wooneka ngati tsamba la nsungwi, ndipo chimake chake ndi timatabwa tiwiri tomangidwa ndi chikopa. Chitsulo chake n'chofewerapo, chokhala ndi timizere takuda, chizindikiro choti chidachokera m'ng'anjo. Mayi wokalamba amene adandipatsa adati udali wa agogo awo aamuna, koma amene adausula sadamudziwe. Umenewu ndiye wakale koposa m'bokosimo, komanso ndiye wosalankhula koposa.

Wachiwiri udasulidwa kuchokera ku tupa, ndipo mano a tupayo akuonekabe pafupi ndi chigwiriro. Mmisiri wake ndidamuona ndi maso. Adali mkulu wa kwa Mkanda, wa mfunda wa Aphiri, amene chipala chake chidali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Ali mwana adanyamulako makala opita kung'anjo ya amalume ake, ndipo ankatha kuloza pamene idali. Mpeni uliwonse umene ankasula ankautema timizere titatu pamsana, kuti ukasowa kapena ukabwera kudzanoletsa audziwe. Sadapite kusukulu, koma timizere timeneto tidali siginecha yake.

Wachitatu ndi wopinda, wopangidwa ndi chidutswa cha sowo. Chigwiriro chake ndi cha mlombwa wong'ambidwa pakati, ndipo umazungulira pa msomali wophwanyidwa mitu yonse iwiri. Adaupanga ndi bambo wina amene adagwirako ntchito ku migodi, nabwerako atataya Okapi wake panjira. M'malo mogula wina adadzipangira, anzake nayamba kumuitanitsa, mpaka ana ake adaphunzira sukulu ndi ndalama za mipeni.

Wachinayi ndi Okapi weniweni, umene ndimausunga dala pambali pa enawo. Pa mpeni umenewu padadindidwa dzina ndi dziko limene udachokera, kotero kuti ngakhale patapita zaka zana munthu adzatha kulondola mbiri yake. Atatu enawo alibe chidindo chotere. Zonse zimene zikudziwika za iwo zili pa timapepala timene ndidamangirira ku zigwiriro zawo ndi m'kope limene ndidalembamo dzina la mmisiri, mudzi wake, mfumu yake ndi amene adamuphunzitsa. Kapepalako kakangoduka, mpeniwo wasanduka chitsulo chabe, choyenera kuikidwa pasikelo ya ogula zitsulo zakutha.

Ntchito imene yatsalira inu

Ogula zitsulo zakutha amayendadi m'midzi, ndipo makasu, nthungo ndi mipeni ya makolo zikupita pa mtengo wa kilogalamu. Amene adaona ng'anjo ikuyaka adatha. Otsala ndi ana ndi zidzukulu zawo, amene adamva nkhanizo pamoto madzulo, ndipo nawonso akukalamba. Mbiri ya mafumu ndi ya Azungu idalembedwa kale, ndipo ikudikirani mulaibulale. Ya amisiri ili m'mitu ya anthu, ndipo maliro aliwonse a munthu wamkulu amakwirira gawo lake.

Simufunika ndalama kuti muyambe. Pa tchuthi chikubwerachi funsani agogo kapena amalume ngati m'nyumba muli mpeni, kasemasema kapena lumo losulidwa pamanja. Musauchotse pakhomopo ngati eni ake sakufuna. Ujambuleni pakope kapena pafoni, muuyese utali wake, ndipo mufunse mafunso awa: adausula ndani, wa mfunda wanji, wa m'mudzi uti? Adaphunzira kwa yani? Chitsulo adachitenga kuti? Chigwiriro ndi cha mtengo wanji? Udafika bwanji m'banja lino? Lembaninso dzina la amene akukuuzaniyo ndi tsiku lake. Mukamva nkhani imodzi kwa anthu awiri osiyana, lembani zonse ziwiri, pakuti wolemba mbiri safulumira kutaya umboni. Ngati kwanu kukadali mmisiri wa chipala, pitani mwaulemu mukakhale naye tsiku lathunthu, mumupopere mvukuto, ndipo mudzamva zambiri zimene sakadakuuzani mukadangoima pakhomo ndi cholembera.

Mukapatsidwa mpeni wakale, musaukwecheshe mpaka kuwala, chifukwa zipsera za nyundo ndi timizere ta mmisiri ndiwo umboni wake. Upukuteni, muupake timafuta pang'ono poletsa dzimbiri, ndipo muusunge pouma. Musapite nawo kusukulu kapena kuyenda nawo m'thumba, pakuti malo a mpeni wa mbiri ndi m'bokosi. Mukapeza mabwinja a ng'anjo kutchire kapena m'munda, musakumbe kapena kuphwanya. Dziwitsani mfumu ndi aphunzitsi anu kuti nkhaniyo ifike ku nthambi ya boma yosamala zinthu zakale, popeza malamulo a dziko lino amateteza malo otere. Nyumba zosungiramo zinthu zakale monga ya ku Chichiri mu Blantyre ndi ya Kungoni ku Mua zidzakuonetsani m'mene chinthu chimasungidwira pamodzi ndi mbiri yake.

Lero pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, pamene mu Disembala 2022 padatsegulidwa ofesi imodzi yogwirira ntchito maiko onse awiri, pamadutsa magalimoto odzaza katundu wa kufakitale, ndipo mipeni yotsika mtengo ili pamsika uliwonse. Palibe amene anganene kuti tibwerere kung'anjo. Koma anthu amene adatulutsa chitsulo m'mwala popanda buku kapena makina, nadyetsa mtundu wonse ndi makasu awo, ayenera kudziwika ndi maina monga m'mene timadziwira mafumu ndi abwanamkubwa. Kalasi imodzi ya Folomu 4 italemba amisiri awiri pa wophunzira aliyense, boma la Mchinji lingakhale ndi kaundula amene alendo onse aja sadalembe.